Bala la bambo laima chiwadulireni zala: kodi collagen ingathandize?

MwanaWaTelala

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osalembapo, koma lero zandithina. Bambo anga ali ndi zaka 63, shuga anawapeza nayo zaka 11 zapitazo. Amamwa metformin, ndipo chaka chino anawayambitsanso jakisoni wa insulin. Mu June muja kukuzizira anapsa chala chachikulu chakuphazi akuwotha mbaula, iwo osamva kanthu poti mapazi awo anachita dzanzi kalekale. Tinadzaona patatha masiku atatu, sokosi itakanirira pachilonda. Kuchipatala anayesetsa, koma mapeto ake anawadula zala zitatu pamodzi ndi kachigawo kakutsogolo kwa phazi. Mbali ina anasoka, mbali ina anaisiya yosatseka kuti izitsukidwa.

Tsopano patha masabata 7. Posokedwa paja panapola bwinobwino, koma potseguka paja pangoima. Sipakununkha, mafinya palibe, koma sipakuchepanso. Kukula kwake ngati pakamwa pa kapu ya tiyi, mkati mofiira motuwa, m'mphepete muli khungu lochindikala loyera. Timapita kukatsukitsa katatu pa sabata kuchokera ku Chilomoni.

Achimwene anga amene ali ku Johannesburg auzidwa ndi mnzawo kuti kumeneko kuli timapepala ta collagen toika pabala, akuti mnofu umamera msanga. Akufuna agule atumize pa basi, koma mtengo wake ukufanana ndi lendi yawo ya mwezi. Alipo anagwiritsapo ntchito? Bambo ayamba kukhala duu, usiku amangondifunsa ngati adzawadulenso. Ine yankho ndilibe.

Nambewe_Machinjiri

Pepani kwambiri achemwali. Amayi anga anawadula zala ziwiri zaka zitatu zapitazo, bala linatenga miyezi isanu koma linapola, pano akupita kumunda. Masabata 7 si nthawi yotayira mtima ayi.

WaKabazaNdirande

Aphikireni mang'ina kawiri pa sabata. Collagen yo ndi ija imagwiritsa msuzi ukazizira. Mukavutikirenji ndi za ku Joni pomwe pamsika wa Ndirande mang'ina ali mbwee?

NesiWopuma

Achimwene a kabaza, mbali imodzi mwalondola: chimene chimagwiritsa msuzi wa mang'ina ndi collagen yophika. Koma ikafika m'mimba imagayidwa ngati ndiwo ina iliyonse, siyenda yathunthu mpaka kuphazi. Mang'ina adye ngati akuwakonda, koma si mankhwala a bala.

Mwana wanga MwanaWaTelala, ndatsuka mabala a anthu a shuga zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndiloleni ndifotokoze mmene ndimazionera. Collagen ndi puloteni imene ili m'khungu, m'minyewa ndi m'mafupa athu tonse. Bala likamapola, thupi limayamba laimika collagen ngati nsichi ndi mbaliro za nyumba, kenako mnofu watsopano ndi timitsempha ta magazi zimamatidwa pamenepo. Pabala lokhalitsa la munthu wa shuga pamachuluka tinthu tina timene ntchito yake yabwino ndi kuchotsa mnofu wakufa, koma tikachulukitsa timadya ndi nsichi zatsopano zomwe, ngati chiswe. Thupi likuimika, chiswe chikudya. N'chifukwa chake bala limaoneka loyera bwino koma osasuntha. Kapepala ka collagen kaja kali ngati mtengo wina umene mwauponyera chiswe kuti chidye umenewo, nsichi zenizeni zipume. Kakakhala pabala lonyowa kamasungunuka n'kukhala ngati phalaphala, sikachita kumatulidwa.

Nzeru yake ndi yomveka. Koma musanalole achimwene anu kutaya lendi, pali zinthu zimene ndimafunsa bala lililonse loima. Kodi magazi akufika kuphaziko? Adokotala amagwira pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kamfupa ka m'kati mwa akakolo kuti amve kugunda kwa mtsempha, pena amagwiritsa kamakina ka Doppler. Magazi akapanda kufika, olo muike golide bala silipola. Kodi fupa lili bwino? Bala la pamalo odulidwa limakhala pafupi kwambiri ndi fupa, ndipo tizilombo tikalowa m'fupa pamwamba pamatha kuoneka bwino pansi pakuwola. Amagogoda ndi kachitsulo koyera ndi kujambula X-ray. Shuga wawo m'mawa akumakhala pati? Ndipo chachikulu, mundiyankhe moona: bambo akuponda? Madzulo ano tembenuzani phazilo muone kunsi kwa bandeji. Ikakhala yakuda ndi dothi, yankho mwalipeza.

MwanaWaTelala

Anesi, mwandilasa mtima. Ndangopita kukaona, kunsi kwa bandeji kuli bii, mpaka kaulusi kofiira kamatirirapo. Bambo ndi telala, makina awo ali pakhonde. Amati akupalasa ndi phazi lamanzere lokha, koma akamadula nsalu amaima patebulo nthawi yaitali. Chimbudzi chathunso chili kunja, kutsetsereka pang'ono, ndipo usiku amapita okha kawiri katatu atavala patapata ku phazi labwino lokha. Ndikawaletsa amati, “Sindikumva kuwawa, ndiye vuto lili pati?” Shuga m'mawa akumakhala pakati pa 230 ndi 260, koma timayeza apo ndi apo chifukwa timasitiripi ta makina oyezera tatha. Za kugwira mitsempha anachita asanawadule, chitulukireni sanabwerezenso.

NesiWopuma

Kusamva kuwawa kumeneko ndiye mdani wawo wamkulu. Inu ndi ine tikakhala ndi chilonda kuphazi timatsimphina, ululu umatiteteza. Iwo amaponda ndi thupi lonse, ndipo mnofu umene wamera usiku umaphwanyika m'mawa. Khungu lochindikala mwatchula m'mphepete lija ndi umboni wa kupondako, ndipo liyenera kusengedwa ndi achipatala ndi kampeni, osati kunyumba ndi lezala. Shuga wa 250 m'mawa ndi wokwera, amafooketsa asilikali a m'thupi. Musawonjezere insulin panokha, angakomoke. Lembani manambala m'kabuku sabata yonse mukawaonetse adokotala.

WophunziraUdokotala

Ndili m'chaka chomaliza ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, ndiye mawu anga musawatenge ngati a dokotala wa bambo. Koma nkhaniyi ndinaiwerenga bwino, ndipo ndinene mosabisa kuti umboni wa collagen ndi wofooka kuposa mmene ogulitsa amanenera.

Kafukufuku wamkulu wodziwika anatuluka mu 2002 ku America, pa kapepala kotchedwa Promogran, kamene ndi magawo 55 pa 100 collagen ya ng'ombe, otsalawo ndi zochokera ku zomera. Anatenga odwala 276 a zilonda za shuga zakuphazi. Patatha masabata 12, mwa amene anaikidwa Promogran anapola anali 37 pa 100 alionse, ndipo mwa amene anaikidwa gozi wonyowetsa ndi saline (madzi amchere a kuchipatala) anapola anali 28. Kusiyanako kulipo, koma powerengera kunali kochepa moti sakanatsimikiza kuti sikunangochitika mwamwayi. Ndiponso zimenezo zinali zilonda wamba, osati mabala otsala munthu atadulidwa. Bungwe la akatswiri a mapazi a anthu a shuga padziko lonse, IWGDF, m'malangizo ake a 2023 linanena kuti collagen isagwiritsidwe ntchito ndi cholinga chopoletsa zilonda zimenezi, chifukwa umboni sukukwanira.

Chimene chinayesedwa pa mabala onga a bambowa ndi makina okoka madzi pabala, aja amati VAC. Amaika siponji, n'kumata pulasitiki, paipi n'kumakoka usana ndi usiku. Mu 2005 magazini ya Lancet inatulutsa zotsatira za odwala 162 odulidwa mbali ya phazi: 56 pa 100 anapola m'masabata 16 ndi makinawo, poyerekeza ndi 39 pa 100 mwa otsukidwa mwa nthawi zonse. Ndi chinthu choyenera kufunsa adokotala a opaleshoni ngati chingatheke kwa bambo.

BamboAChiso_Bangwe

Adokotala achichepere, mabuku anu ndikuwalemekeza, koma ine ndikulankhula ndi phazi langa lomwe. Anandidula zala zonse zisanu za kumanzere. Bala linaima miyezi itatu, tsiku lililonse gozi ndi saline, gozi ndi saline. Pomatula gozi ankachoka ndi timinofu tofiira, ine n'kumaona ndi maso anga kuti chimene chamera chikupita m'bini. Mwana wa mlongo wanga anandipezera collagen yaufa m'timapaketi, ndipo dokotala amene ankandiona anavomera kuti tiyese. Ankathira, kudontheza saline, kuvindikira, kusintha pakatha masiku awiri kapena atatu. Sabata yachiwiri mkati mwa bala munafiira psuu, tokhala ngati timibulu ta malubeni, dzenje n'kuyamba kudzaza. Patatha miyezi iwiri ndinavala nsapato. Ndiye wina akati umboni palibe, ine ndimayang'ana pansi n'kuona umboni wanga.

WophunziraUdokotala

Bambo, sindikukutsutsani kuti munapola, ndipo ndakondwa. Ndingofunsa: nthawi imene munayamba collagen ija, pali china chinasintha? Kayendedwe, mankhwala, katsukidwe?

BamboAChiso_Bangwe

Zinasintha, sindinama. Dokotala yemweyo anandikalipira za kuyenda, anandipatsa ndodo ziwiri, ndipo Lachiwiri lililonse ankasenga m'mphepete mpaka patuluke magazi pang'ono. Fodyanso ndinasiya mwezi womwewo, atandiuza kuti amafinya mitsempha. Komabe ine mumtima mwanga ufa uja unachitapo kanthu. Kungosiya kumatula gozi tsiku lililonse kunali mpumulo waukulu.

NesiWopuma

Apa nonse muli ndi mfundo. Gozi wouma wokanirira pabala amawonongadi mnofu watsopano. Azinyowetsedwa ndi saline asanachotsedwe, kapena pansi pake paikidwe gozi wa mafuta uja sakanirira. Zimenezo sizifuna ndalama za ku Joni.

Che_Mpingwe

Ndafika mochedwa, koma mawu oti collagen ya ng'ombe andiimitsa. Zonse ndi za ng'ombe? Ife Asilamu tiyenera kudziwa tisanaike chinthu pathupi.

WaKuFamase_Limbe

Che Mpingwe, funso lanu n'lofunika. Si zonse. Zambiri ndi za ng'ombe, koma zilipo za nkhumba, monga Oasis imene amapanga kuchokera ku matumbo a nkhumba. Zina ndi za kavalo, ndipo kampani ya Kerecis ya ku Iceland imagwiritsa khungu la nsomba. Pakapepala ka m'bokosi amalemba: bovine ndi ng'ombe, porcine ndi nkhumba, equine ndi kavalo. Munthu amene thupi lake limadana ndi zochokera ku nyama imeneyo asaikidwe.

Ndichenjezenso zimene ndimaziona pakauntala. Anthu amabwera kudzafuna collagen ya bala n'kuloza zitini za collagen yakumwa, ija atsikana amasungunula m'madzi pofuna khungu losalala. Imeneyo si yophedwa tizilombo, musaithire pabala ngakhale pang'ono. Ya bala imabwera m'paketi yomata, yogwiritsa kamodzi, yokhala ndi tsiku lothera mphamvu. Palinso mafuta otchedwa collagenase, dzina lofanana koma ntchito yotembenuka: amenewo amasungunula mnofu wakufa. Wina atatumidwa mosamveka akhoza kugula chosiyana ndi chimene mukufuna.

Ndipo collagen siikidwa pabala la mafinya limene silinalandire mankhwala, kapena pa nkhanambo yakuda youma. Bala liyambe layeretsedwa. Zogula kwa anthu a pa WhatsApp opanda chiphaso cha PMRA, bungwe loona za mankhwala, zisiyeni. Mayi wina anabwera ndi paketi yotsegula kale, yomatidwanso ndi selotepi, atalipira ndalama zambiri.

Mlongo_wa_Sabata

Zikomo a ku famase. Nafenso a Seventh Day za nkhumba timafuna kuuzidwa poyera.

GogoWaKuSoche

Ana inu mukuvutika ndi zinthu za kutali. Ife tinakula tikuona uchi ukupoletsa zilonda. Malemu amuna anga anavulala ndi khasu pamsongolo, tinkapaka uchi wa ku Mwanza m'mawa ndi madzulo, chinauma. Ngakhale shuga wa m'tiyi yemweyu ndinamuona akuthiridwa pabala ndili gadiyani m'chipatala.

WophunziraUdokotala

Agogo, simukunama. Konkuno ku Blantyre, ku chipatala cha Beit CURE, anachitapo kafukufuku woyerekeza uchi ndi shuga pa mabala, anatuluka mu 2007, ndipo uchi unaoneka kuti ukuposako pang'ono komanso suwawa kwambiri posintha bandeji. Koma phazi la munthu wa shuga lodulidwa ndi nkhani ina. Agogo aamuna anali ndi magazi oyenda bwino ndiponso ankamva ululu, zinthu zikanaipa akanadziwa. Malangizo a 2023 ndatchula aja amaletsanso uchi pa zilonda za shuga zakuphazi. Komanso uchi wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, ndani akudziwa chimene chathiridwamo?

GogoWaKuSoche

Chabwino mwana wanga, ndamva. Koma musamanyoze zonse zakale.

Nambewe_Machinjiri

Poti tafika pa zakunyumba, chonde musachite zimene tinachita ife. Tisanadziwe, tinkatsegula makapisozi n'kuthira ufa wake pachilonda cha amayi, tinaviikanso phazi m'madzi otentha a mchere. Anasupuka khungu osamva. Zala ziwiri zija zinapita chifukwa cha ife tomwe, mpaka lero zimandipweteka.

WaKabazaNdirande

Nanga nsima azidya iti? Ena akuti mgaiwa, ena akuti asiyiretu.

NesiWopuma

Mgaiwa, mtanda wochepa, ndiwo zambiri. Asamanidwe chakudya, bala limafuna zomangira: usipa, mazira, nyemba, soya, nkhuku ikapezeka. Thupi silingapange collagen yakeyake popanda vitamini C, ndiye masamba, tomato ndi gwafa mmodzi zisasowe. Thobwa lotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo ayi.

WoyanganiraGulu

Abale, za zakudya zili ndi mutu wake, tizikambire kumeneko. Pano tibwerere kwa bambo a ku Chilomoni.

AchimweneKuJoni

Ine ndine mchimwene wake wa MwanaWaTelala, wanditumizira kuti ndiwerenge ndekha. Ndawerenga zonse kawiri. Ndikuuzeni zoona, ine za collagen sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo anandiphunzitsa ndi makina aja, mayunifomu a sukulu akusoka mpaka usiku ndi nyali. Tsiku la opaleshoni ine ndinali kuno, ndikuchapa magalimoto a anthu. Mlongo wanga ndiye akusenza zonse, kuwanyamula, kuwasambitsa, kukwera nawo minibasi. Mnzanga atanditchulira timapepala tija ndinamva ngati ndapeza changa chochita. Tsopano mukuti mwina sitithandiza. Nanga ine ndichite chiyani? Kungokhala manja lende sindingathe.

NesiWopuma

Mwana wanga, chochita chanu chilipo, ndipo n'chachikulu kuposa timapepala. Tumizani timasitiripi ta makina oyezera shuga, mufunse mlongo wanu dzina la makinawo chifukwa timasiyana. Tumizani ya galimoto yowatenga pakhomo masiku otsukitsa, chifukwa kuyenda kukafika pasiteji ndi kukwera minibasi n'kupondanso komweko. Apezereni mpando wachimbudzi wa m'nyumba, kapena ndowa yovindikira ya usiku. Ndipo muwaimbire nokha, mwana wamwamuna akanena kuti “bambo, ya maoda a mwezi uno ndikupatsani ine, makina apume,” adzamva kusiyana ndi mmene akumvera mlongo wanu.

Bala likadzapola padzafunika nsapato yapadera yodzaza kutsogolo kumene kulibe zala, apo ayi chilonda china chidzabuka. Ku Queens kuli malo opangira ziwalo ndi nsapato zotere, ndipo ku chipatala cha Kachere amaphunzitsa kuyenda bwino. Phazi lamanzerenso muziliona tsiku lililonse, pakati pa zala ndi kunsi, chifukwa tsopano ndilo likusenza katundu yense. Collagen sindikuitaya. Magazi akapezeka kuti akuyenda, fupa lili bwino, bambo asiya kuponda, koma pakatha masabata anayi bala silinachepe ndi theka, pamenepo kambiranani ndi adokotala za collagen kapena makina aja.

Koma mukadzaona kufiira kukukwera kumwendo, kutupa, fungo, kuda, kapena bambo atentha thupi, musadikire tsiku la kiliniki. Tsiku lomwelo kuchipatala.

BamboAChiso_Bangwe

Apo ndavomera. Ine ndinayamba ndi ndodo, ufa unabwera pambuyo. Koma masabata anayi akakwana musachite manyazi kufunsa.

MwanaWaTelala

Ndabweranso patatha masiku 12 kuti ndikuuzeni mmene zilili. Tinapita ndi kabuku ka manambala ndi mafunso onse nditalemba papepala. Adokotala anagwira mitsempha, wa pamwamba pa phazi ukumveka bwino, wa kuseri kwa akakolo ukumveka mofooka, ndiye atilembera kukayezetsa ndi Doppler. X-ray yaonetsa kuti fupa lili bwino, ndinalira ndi chimwemwe pakhonde pa chipatala pomwepo. Anasenga khungu loyera lija, insulin ya madzulo anaisintha. Za collagen anati sakuikana, koma tiyambe taona masabata anayi bambo asakuponda. Anesi anaika kapulasitiki koyera pamwamba pa bala n'kujambula m'mphepete mwake ndi cholembera, n'kulemba tsiku. Dzulo tajambulanso, mzere watsopano walowa mkati pang'ono mbali ya kuchala chaching'ono. Pang'ono zedi, koma walowa.

Achimwene anaimba Lamlungu, analankhula ndi bambo pafupifupi ola lathunthu chitseko chili chotseka. Mawa lake bambo anavula okha lamba wa makina n'kundipatsa kuti ndisunge. Pano akukhala pampando mwendo uli pa situlu, akusokerera mabatani ndi kupinda masiketi pamanja, kudula akuchita mnyamata amene ankamuphunzitsa. Shuga wa m'mawa watsika kufika cha m'ma 170.

Chatsala ndi ndodo. Tili ndi imodzi yokha ya mtengo, ndipo akamadumphira nayo kubafa ndimachita mantha kuti agwa. Zachitsulo zija zogwira m'mikono zimapezeka kuti?

BamboAChiso_Bangwe

Musagule. Zanga zili kuseri kwa chitseko zaka ziwiri tsopano, zimatalikitsidwa ndi kufupikitsidwa, mphira wa pansi ndi umene watha mbali imodzi, mukasinthitse. Loweruka m'mawa ndikhala ndili ku Limbe. Ndilembereni kumbali tigwirizane pokumana, ndipo mundiuze msinkhu wa bambo kuti ndibwere nditazikonzeratu.